Mudzi wonse unaona, koma mboni palibe

Yona Kabaza: Abale vidiyo ndaponya mmawa ija, ameneyo ndi mmodzi mwa amene akhala akutipha ife a kabaza. Amupeza ndi njinga yamoto ya mnzathu usiku wathawu, anthu sanachedwe naye, tayala pakhosi petulo basi. Ine chisoni ndilibe olo pang'ono.

Bambo a Tadala (adimini): Yona vidiyo ija ndachotsa. Pagulu pano pali amayi ako aang'ono, pali ana asukulu, palinso anthu a BP. Nkhaniyi tikambirane mmene tingathere koma zithunzi za munthu akupsa ayi.

Yona Kabaza: Pepani madala koma inu simukudziwa mmene tikuvutikira. Munthu amabwera pa siteji cha mma 6 madzulo, wotchena bwinobwino, akuti ndiperekeze kuseri kwa madimba ndikupatsa 3 sauzande, iwe poona kuti tsiku lonse ya bwana siinakwane umangoliza. Mukangopitirira pamene pathera nyumba akuti taima ndikodze, pomwepo ena awiri atulukira mchimanga, chingwe pakhosi kapena hamala kunkhongo. Mnzathu wina tinakamupeza mmunda helemeti ikadali kumutu, nsapato imodzi ili kumsewu. Wasiya mkazi ndi ana atatu, maliro asanatuluke mnyumba mwini njinga anali atayamba kale kufunsa za njinga yake. Nde mukuti tikamugwira wotereyo tizimupititsa kupolisi kuti mkuja tidzamupeze akusewera bawo pamsika?

Thoko: Achimwene Yona pepani kwambiri za mnzanuyo. Koma ndifunse nawo, amene wawotchedwayo mwadziwa bwanji kuti ndi amene anapha? Njinga yakuba imadutsa mmanja atatu anayi isanakwane sabata. Wina anapha, wina anabisa, wina anasintha nambala, womaliza anangogula motchipa. Mukawotcha womalizayo, atatu enawo amagona tulo tabwino chifukwa yekhayo amene akanawatchula wasanduka phulusa.

Yona Kabaza: Wogula zakuba nayenso ndi wakuba achemwali.

Thoko: Ndi mlandu inde, koma si wakupha. Ndipo za belo mukunenazi ndilongosole poti ine ntchito yanga ndi yoyenda mndende kuthandiza anthu apa rimandi. Wogwidwa ndi mlandu wakuba wamba atha kutuluka pa belo msanga, zimenezo nzoona. Koma mlandu wakupha, gawo 209 la Penal Code, majisitireti saweruza, umapita ku High Court, ndipo belo yake imachokeranso komweko. Vuto lathu lenileni ndi kuchedwa. Lamulo limati wa mlandu ngati umenewu asapitirire masiku 90 ali mndende mlandu usanayambe pokhapokha khoti liwonjezere, koma ku Maula, ku Chichiri, ku Zomba mukapeza anthu atha zaka akudikira. Fayilo yasowa, wapolisi amene anafufuza anasamutsidwa, loya wa Legal Aid ali ndi milandu mulu, ndalama zoti jaji apite kukaweruza kuboma palibe. Pofika tsiku la mlandu mboni ina inamwalira ina ili ku Joni. Nde wolakwa amatuluka chifukwa umboni wazilala, wosalakwa nayenso wavunda mndende zaka zisanu pachabe. Onse awiri dongosolo lomweli lawalakwira, pamodzi ndi oferedwa.

Mphatso ku Joni: Inu kumudzi mukudandaula koma bwerani kuno muone. Chaka cha 2022 mpaka 2023 apolisi akuno analengeza anthu opitirira 27,000 ophedwa, ndiye kuti pafupifupi 75 tsiku lililonse. Mfuti kuno ndi zambiri, Lachisanu usiku kumalokeshoni umangomva phokoso lake uli mshaki ndipo sutuluka kukaona. Amalawi timatumiza mitembo kwathu pafupipafupi, timasonkherana pamagulu ngati ano. Ndipo kuwotcha anthu kuno anayamba kalekale, tayala limenelo amalidziwa kuposa ife, koma kuphana sikunachepe.

Aphunzitsi Gondwe: Mphatso wanena zoona. Poyerekeza mayiko amawerengera ophedwa pa anthu 100,000 alionse. South Africa chaka chimenecho inali cha pa 45. Dziko lonse lapansi mu 2021 linali pa 5.8, bungwe la UN loona za umbanda la UNODC linati chaka chimenecho anaphedwa anthu pafupifupi 458,000, ambiri mwa iwo amuna, 8 mwa 10 alionse. Malawi nambala imene imatchulidwa kawirikawiri ndi ya 2012, 1.8. Tikatengera imeneyo ndiye kuti tili mgulu la mayiko abata.

Mai Nachisale: Aphunzitsi nambala imeneyo ine ndimaikayikira, ndagwira ntchito yaunamwino kumudzi zaka zambiri. Amawerenga amene afika mbuku la polisi. Nanga mayi amene anamenyedwa ndi mwamuna wake Loweruka, Lachitatu nkumwalira ndi mutu, abale nkugwirizana kuti tingonena kuti anadwala malungo? Nanga amene wapezeka mumtsinje? Kuti mtembo upimidwe pamafunika galimoto, mafuta, dokotala, nthawi zambiri amauzidwa abale kuti apeze okha, mtembo ukuwonongeka kunja kukutentha, amalume amangoti tiyeni tikaike, Mulungu ndiye adzaweruze. Ndasambitsapo mtembo wa mtsikana uli ndi zipsera za zala pakhosi, anakubala akundiyang'ana mmaso kuti ndisayankhule. Ameneyo sali mu 1.8 wanuyo.

Aphunzitsi Gondwe: Sindikutsutsa mayi. Koma olo titaichulukitsa katatu sitingafike pa Joni. Chimene ndimafuna kunena nchakuti kwathu kuno kuphana sikwa magulu a mfuti ayi, ndi kwa khasu, chikwanje, mpini, mwala. Ndi kwa anthu odziwana.

Chikondi: Apo nde mwafika pamene ndimadikira. Aliyense akuopa wachifwamba wa mchimanga koma kwa ife akazi malo oopsa ndi kuchipinda. Lipoti la UN linati mchaka cha 2023 akazi ndi atsikana 51,100 anaphedwa ndi amuna awo, zibwenzi kapena achibale, 140 patsiku, ndipo Africa ndi imene inali patsogolo. Ndipo sizimangochitika mwadzidzidzi. Mkazi amathawira kwawo kawiri katatu nkhope itatupa, ankhoswe amakhala pansi nkumubweza, akuti banja ndi kupirira, akuti ana akula ndi ndani. Akapita ku Victim Support apongozi amabwera kudzamunyengerera kuti akatseke mlandu poti wogula ufa ndi yemweyo. Tsiku lomwe wafa ndi pamene aliyense amayamba kunena kuti timaona ndithu kuti zidzathera pamenepa. Mumaona nde munatani?

Bambo a Tadala (adimini): Chikondi mawu ako ndi owawa koma ine ndakhalapo nkhoswe, ndikudziwa kuti timakankhira kwambiri ku kugwirizanitsa. Palinso kachasu. Milandu yambiri imene ndamva kwathu kuno imayambira pamowa, ngongole ya 500 kwacha, wina walankhula za mkazi wa mnzake, mpeni. Mmawa wakuphayo akulira kuposa aliyense.

Chikondi: Mowa umangotsegula chitseko madala, nkhanza zimakhala zilimo kale. Bwanji akaledzera samakamenya amfumu?

Yona Kabaza: Mwamuna wopha mkazi wake nayenso ngofunika tayala lomwelo.

Chikondi: Koma sawotchedwa Yona, taganiza bwino. Unaonapo gulu likuwotcha bambo wa golosale chifukwa wapha mkazi wake? Amamuperekeza kupolisi mwaulemu. Amene gulu limapha ndi mnyamata wosavala nsapato amene waba mbuzi, mlendo amene sakudziwika kwawo, wamisala, ndi agogo.

Mai Nachisale: Za agogozi ndi zimene zimandisowetsa tulo. Mukukumbuka ku Neno mu Januwale 2016, mmudzi mwa Chimbalanga kwa T/A Dambe? Mtsikana wa zaka 17 anafa ndi mphenzi, nyengo ya mvula, mphenzi imene imagwa chaka chilichonse. Anthu anatenga okalamba anayi a banja lomwelo nkuwapha tsiku limodzi, akuti ndiwo anatumiza. Sanaphedwe ndi alendo, anali adzukulu ndi abale awo omwe. Ndiye kumapeto kwa 2022 tinaonanso vidiyo ya ku Mzimba, amayi okalamba akukakamizidwa kukwirira manda okha, wina nkumenyedwa mpaka kugwera mdzenje, anthu mazana atazungulira, ena akujambula pafoni.

Abusa Phiri: Kupha ndi tchimo, lamulo lachisanu ndi chimodzi silinapatule munthu, ndipo ndimalalikira zimenezi. Koma tisanamizane pano ngati kuti ufiti kulibe. Anthu akuvutika mmidzimu, ana akuulula okha kuti amatengedwa usiku. Akapita kwa amfumu akuti lamulo silindilola, akapita kupolisi amamangidwa ndi iwowo odandaulawo. Munthu wotsekeredwa zitseko zonse amachita zoopsa. Boma likanapereka njira yoti nkhanizi zizimvedwa mwina magazi sakanakhetsedwa.

Thoko: Abusa lamulo mukunenalo ndi Witchcraft Act ya 1911, limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, kuitana sing'anga kuti adzaloze mfiti ndi mlandunso. Mu 2021 komiti yapadera ya Law Commission inanena zofanana ndi zanuzo, kuti lamulo livomereze kuti ufiti ulipo. Ndipo simuli nokha, kafukufuku wa Afrobarometer anapeza kuti Amalawi pafupifupi atatu mwa anayi alionse amakhulupirira kwambiri za ufiti. Ine sindikulimbana ndi chikhulupiriro cha munthu. Funso langa ndi la umboni. Jaji akhala pampando, wodandaula akuti ndinalota agogo akundikwera pamsana, mwana wa zaka 7 amene wafunsidwa usiku wonse ndi akuluakulu atanyamula zikoti akuti eya anatitengera kumanda. Agogowo adziteteza bwanji? Abweretse mboni yoti inawaona akugona? Tinaziona kale izi, zaka za mma 2010 okalamba ambiri anali mndende pa nkhani zomwezi ngakhale lamulo silimalola, mpaka omenyera ufulu a George Thindwa ndi anzawo kumayenda kuwatulutsa.

Abusa Phiri: Nanga anthu atani mwana wanga? Angokhala chete ana akutha?

Mai Nachisale: Abusa ana akutha ndi malungo, ndi kutsegula mmimba, ndi kuchepa magazi, ndi kuchedwa kubwera kuchipatala chifukwa anayamba kaye kwa sing'anga. Ine ndimawalandira. Mwana akabwera akukomoka, malungo afika kumutu, tikamuyeza amapezeka nawo, koma kunyumba atchula kale dzina la agogo. Ndipo taonani amene amatchulidwa. Sindinamvepo mayi ake a nduna akutchulidwa ufiti. Amakhala mayi wamasiye, ana ake anamwalira kapena ali kutali, maso ofiira ndi utsi wa nkhuni, wayamba kuiwalaiwala nkumayankhula yekha kapena kusochera usiku, amene ndi matenda aukalamba basi. Ndipo kawirikawiri ali ndi dimba labwino kumtsinje.

Aphunzitsi Gondwe: Pa dimbapo mayi mwalasa. Malo achepa. Kalembera wa 1966 anapeza anthu 4 miliyoni, wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni, nthaka ndi yomweyo. Mnyamata wakwatira alibe polima, agogo akugwiritsa maekala awiri ndipo sakufa. Sindikunena kuti aliyense amachita kukonza dala, ambiri amakhulupiriradi, koma chikhulupirirocho chimagwera mbali imene kuli phindu. Fufuzani pakatha chaka kuti mundawo akulima ndani.

Mphatso ku Joni: Ine chimandipweteka nchakuti ndife tomwe tili kunja timayambitsa zina. Munthu zikamukanika kuno, ntchito yatha, mapepala palibe, amapita kwa sangoma, amamuuza kuti akukutchinga ndi agogo ako akuchikazi. Amaimba foni kumudzi usiku, kukacha moto wabuka. Ndaonapo mnyamata akutumiza ndalama ya mowa kwa azisuweni ake kuti akathane nazo.

Bambo a Tadala (adimini): Iii Mphatso zoona zimenezi?

Mphatso ku Joni: Zoona madala, tinkagona nyumba imodzi. Mwamwayi amfumu akumeneko anali olimba, anawatengera agogowo kunyumba kwawo.

Yona Kabaza: Chabwino za agogo ndavomera, nzolakwika. Koma ine ndikunena za zigawenga zenizeni. Boma lingoyambanso kunyonga basi. Nthawi ya Kamuzu munthu umagona chitseko chosakhoma. Anyonge awiri atatu anthu aone, ife sitidzagulanso petulo.

Aphunzitsi Gondwe: Yona iwe nthawi ya Kamuzu unali usanabadwe, ine ndinalipo. Bata linalipo koma linali la mantha, ndipo kuphana kunalipo, kungoti wailesi inali imodzi. Funsa akuluakulu za ku Chilobwe, 1968 mpaka 1970, anthu ankaphedwa mnyumba zawo usiku mu Blantyre. Funsa za nduna zitatu ndi phungu mmodzi, a Matenje, a Gadama, a Sangala ndi a Chiwanga, amene anaphedwa ku Mwanza mu 1983 nkunamizira ngozi ya galimoto. Milandu yakupha nthawi imeneyo inkapita ku makhoti amakolo kumene loya sankaloledwa. Kunyonga komaliza kunachitika mu 1992, a Muluzi atalowa anakana kusainira, ndipo palibe pulezidenti wasainirapo kuchokera pamenepo.

Thoko: Ndiwonjezere. Chilango cha imfa mmalamulo chikadalipo. Mu 2007 pa mlandu wa Kafantayeni khoti linati sikoyenera kuti aliyense wopezeka wolakwa pa kupha azingolandira imfa osamva kaye mmene zinakhalira. Atayamba kuwamvanso mmodzimmodzi anthu amene anali atagamulidwa kale imfa, munapezeka ena amene anali ana pamene ankapalamula, ena odwala misala, amayi amene anabwezera mwamuna wowazunza, ena oti umboni wake unali kuvomera atamenyedwa basi. Ambiri anatuluka. Akananyongedwa bwenzi tikuti chilungamo chachitika. Mu Epulo 2021 Supreme Court pa mlandu wa Khoviwa inamveka ngati yathetsa chilangochi, mu Ogasiti chaka chomwecho majaji ena anati ayi sitinagwirizane zimenezo. Anzathu a ku Zambia anachichotsa mu 2022, Zimbabwe kumapeto kwa 2024. Achimwene Yona chimene chimaopsa chigawenga si kukula kwa chilango chimene chili pa pepala, ndi kudziwa kuti ndikachita andigwira ndipo anthu akandinenera kukhoti. Pano amadziwa kuti mwayi wosagwidwa ndi waukulu.

Abusa Phiri: Koma pa nkhani ya abale athu achialubino ine ndinali mmodzi wa ofuna chingwe, ndinene poyera. Zimene zija zinaposa uchinyama.

Chikondi: Zinaposadi abusa. Koma onani mlandu wa MacDonald Masambuka wa ku Machinga, mnyamata wachialubino wa zaka 22 amene anasowa mu Marichi 2018. Amene anamunyengerera kuti atuluke anali mchimwene wake weniweni, akuti ndakupezera mkazi woti ukwatire. Mu 2022 khoti linapeza anthu 12 olakwa, mkati mwake wansembe, wapolisi ndi wachipatala. Anthu onse amene munthu ukaona zoopsa umathamangirako. Bungwe la Amnesty linati pofika pakati pa 2016 anali ataphedwa kale achialubino osachepera 18 kuchokera mu Novembala 2014. Ndipo mpaka lero msika wa mafupawo amene amagula sanaoneke, ogwidwa ndi okumba ndi onyamula.

Aphunzitsi Gondwe: Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndipo kumbukirani Buleya Lule, amene anamangidwa mu Febuluwale 2019 pa nkhani ya mnyamata wachialubino wa ku Dedza. Anafera mmanja mwa apolisi ku Lilongwe asananene zonse zimene ankadziwa, dokotala a Dzamalala atapima mtembo anapeza kuti anazunzidwa ndi magetsi. Apolisi ena anadzapezeka olakwa mu 2024, koma zimene munthu uja akanaulula zinapita naye kumanda. Ndi zomwe Thoko amakuuza poyamba paja Yona. Kaya wapha ndi wapolisi mselo kaya ndi gulu pamsewu, wopindula ndi bwana amene anatuma.

Yona Kabaza: Nde mwaonatu, apolisi omwewo mukuti tiziwapatsa anthu.

Thoko: Eya omwewo, chifukwa wapolisi ali ndi dzina ndi nambala, ukhoza kumutengera kukhoti ngati mmene zinathera pa Lule, olo zinatenga zaka zisanu. Gulu ulitengera kuti? Mu 2016 ku Nsanje anawotcha anthu 7 tsiku limodzi akuti apezeka ndi mafupa a munthu, osafunsa kuti awatenga kuti, akupita nawo kwa ndani. Ofesi ya UN yoona za ufulu inawerenga anthu 16 ophedwa ndi magulu mmiyezi iwiri yokha chaka chimenecho. Mu 2017 nkhani ya anamapopa ku Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka Blantyre, anthu anaphedwa chifukwa chonyamula chikwama chachilendo, wina wodwala khunyu anawotchedwa mu Blantyre, ma ambulansi kugendedwa, a UN mpaka anachotsa antchito awo. Namapopa olo mmodzi anapezeka? Amene ankapha aja analinso otsimikiza ngati mmene mulili inu lero.

Mai Nachisale: Nthawi ya anamapopa ija ife tinasiya kuyenda ndi makina a BP kumidzi, azimayi oyembekezera ankaopa kubwera kusikelo kuti tiwapopa magazi. Amene anafa ndi uchembere kunyumba miyezi imeneyo palibe anawawerenga.

Bambo a Tadala (adimini): Ine chimene chimandidabwitsa pa zonsezi ndi mmawa wake. Munthu waphedwa masana dzuwa likuswa mtengo, anthu 200 alipo, ana ali pamapewa. Apolisi akabwera mudzi wonse unali kumunda. Amfumu akuti ndinali kumaliro kutsidya. Amuna amathawira kuphiri sabata imodzi, apolisi amatola amene amupeza, nthawi zina wosalakwa amene sanathawe chifukwa sakudziwa kanthu, kenako zii. Timatukwana makhoti kuti satha milandu koma jaji aweruza ndi chiyani ngati tonse tatseka pakamwa? Ndi pa agogo chimodzimodzi, ndi pa mkazi wophedwa ndi mwamuna wake chimodzimodzi, ndi pa mnzake wa Yona chimodzimodzi, pali wina amene anaona njinga ija ikulowetsedwa mnyumba usiku ndipo wangokhala.

Mphatso ku Joni: Madala kuchitira umboni nkosavuta kunena pafoni. Ukanena, mawa ukhala nawo mudzi womwewo, pamjigo pomwepo, ndipo amene wamunenerayo ndi mwana wa mlongo wako. Nyumba yako ndi yaudzu. Ndani akuteteza?

Thoko: Mantha amenewo ndi enieni, chitetezo cha mboni kwathu kuno nchofooka, sindinama. Koma mboni ikakhala imodzi ndi imene imawotcheredwa nyumba. Akakhala khumi pamodzi ndi amfumu ndi abusa, zimavuta kuwaopseza. Ndipo nthawi yabwino yoyankhula ndi munthu asanafe. Gulu silimayamba ndi anthu 200, limayamba ndi atatu anayi amene akukuwa, enawo amayang'ana kaye kuti akuluakulu atani. Ndaonapo mayi mmodzi wogulitsa tomato atamugwira mnyamata wakuba foni pamkono nkunena kuti uyu ndikupita naye ndekha kupolisi, amene akufuna kumumenya ayambe ine, anthu nkubwerera mmbuyo. Sizitheka nthawi zonse koma zimatheka.

Nabanda: Ndakhala ndikungowerenga kuyambira mmawa, manja akunjenjemera. Sinditchula mudzi koma ena pano mukudziwa kumene ndinakwatiwa. Sabata yatha kunamwalira mwana wa chaka chimodzi, anatsegula mmimba masiku atatu. Pamaliro anyamata anakana kukumba mpaka azakhali a bambo a mwanayo achoke pasiwa. Ndi mayi wa zaka za mma 70, amakhala yekha, ana ake awiri anamwalira. Dzulo usiku agenda nyumba yawo, mmawa uno ndawapeza atakhala kuseri kwa nkhokwe sanadye, akuti mwana wanga ukandipatsa madzi akuona. Ndamva kuti asonkha ndalama yoitanira sing'anga Loweruka. Amuna anga akuti usalowerere si kwanu kuno.

Chikondi: Mayo ine. Achemwali musadikire Loweruka.

Thoko: Achemwali Nabanda mwachita bwino kunena. Kuitana sing'anga kudzaloza munthu ndi mlandu pawokha, osonkha ndalama ndi amfumu ololeza onse akhoza kumangidwa, ndipo kuyambira 2024 tilinso ndi lamulo loteteza okalamba. Dzina lanu lisamveke. Nditumizireni kumbali dzina la mudzi ndi la gulupu, ine ndiimbira a community policing ndi ofesi ya social welfare kuboma, ndidziwitsanso a MANEPO amene amatsata nkhani za okalamba. Koma galimoto ya polisi itha kuchedwa, chofunika lero ndi choti mayiwo asagone mnyumba imeneyo.

Abusa Phiri: Mudziwo ndaudziwa, tili ndi mpingo kumeneko. Zimene ndimakhulupirira pa ufiti ndi zanga, koma magazi a mayi ameneyo asakhale pamutu panga. Ndiimbira mkulu wampingo pompano akawatenge madzulo ano ngati akupita nawo kumapemphero, akagone kunyumba ya abusa. Lachisanu ndipita ndekha ndikakhale pansi ndi amfumu ndi bambo a mwanayo, iyenso ndi woferedwa, akufunika womumva.

Mai Nachisale: Abusa mukapita mutenge buku lachipatala la mwanayo ngati lilipo, muwawerengere anthu zimene adokotala analemba. Ndipo mufunse kuti madzi akumwa akutunga kuti, chifukwa ngati ndi pachitsime chosatetezedwa mwana wina adwalanso sabata ino ndipo adzati ndi mayi omwewo.

Nabanda: Mjigo unawonongeka mwezi wa Disembala, tikutunga kudambo.

Mphatso ku Joni: Kukonza mjigo ndi zingati? Ine ndiyambapo, adimini tipatseni nambala yoponyera.

Bambo a Tadala (adimini): Ndifunsa amakaniki a mijigo mawa ndikuuzani mtengo, ndalama ziponyedwe kwa msungichuma osati kwa ine. Zimene walemba Nabanda zisatuluke pagulu pano, amene ajambule nkutumiza kwina ndimuchotsa. Yona uli kuti, abusa alibe transipoti ya Lachisanu.

Yona Kabaza: Ndilipo madala. Ndiwatenga 6 koloko mmawa, mafuta okha andithandize. Koma tibwereko kusanade, msewu wakumeneko madzulo sindiyendako.